Filimu yanga ya makala akuti ndi za satanic: ndiichotse pa intaneti?

Funso

Ndine mtsikana wa zaka 24, ndimakhala ku Blantyre ndipo ndimajambula zithunzi. Ndapanga filimu ya mphindi zinayi ndi makala pa pepala: ndimajambula, nditole chithunzi ndi foni, ndifufute pang'ono, ndijambulenso. Mulibe munthu wolankhula. Ndi yokhudza nyumba yomwe inakokoloka ndi matope pa namondwe wa Freddy, koma sindinaiyale ngati nthano. Nkhope ya mayi imasungunuka n'kukhala madzi, madziwo n'kukhala khoma, khomalo n'kukhala mbalame. Nditaiika pa Facebook ndi pa YouTube, ndemanga zinandifoola. Ena akuti ndi za satanic, ena akuti ndasuta chamba, mayi wina analemba kuti mwana wake sanagone usiku wonse. Ambiri akungoti sakumvetsa. Pa Vimeo, tsamba lina loikapo mafilimu, anthu ochepa akunja anaiyamikira. Kodi ndiichotse? Ndilembe tanthauzo lake? Kapena ndisiye zimenezi ndiyambe makatuni oseketsa omwe anthu amafuna?

Wojambula wa ku Blantyre

Yankho

Achemwali, pepani ndi zomwe mwakumana nazo, koma filimuyo musaichotse, makamaka masiku ano pamene mtima udakali m'mwamba. Pa zaka zomwe ndakhala ndikuphunzitsa ndi kuonetsa mafilimu afupiafupi a mtundu umenewu, ndemanga zomwe mwatchulazi ndaziona pansi pa ntchito zabwino kwambiri, ndazionanso pansi pa ntchito zofooka, mawu ake omwewo osasintha. Ndiye kuti pazokha sizingakuuzeni ngati mwapanga bwino kapena ayi. Zimene zikukuuzani ndi za munthu amene anakumana ndi filimuyo, komwe anali ndi zomwe ankayembekezera. Komabe pakati pa ndemangazo pali zingapo zonena zoona, ndipo zimenezo sindikufuna kuti muzitaye limodzi ndi zachipongwezo.

Taganizirani mmene woonera wa pa Facebook anafikira pa ntchito yanu. Sanaisankhe. Ali mu minibasi kapena pa mzere ku banki, chala chikungotsetsereka pa foni, wangodutsa kumene chithunzi cha ukwati ndi mkangano wa mpira, kenaka mdima wa makala wayamba kuyenda wokha, nthawi zambiri mawu atatsekedwa. Bandulo yake ndi yowerengeka, ndipo sekondi iliyonse ikudya ndalama. Kwa zaka zambiri Facebook yakhala ikuwerenga munthu ngati woonera akangokhala masekondi atatu, choncho nambala ija ya ma views imene inakusangalatsani tsiku loyamba muli anthu ambiri amene sanaone ngakhale khoma likusanduka mbalame. Ena mwa olemba ndemanga zowawa ali m'gulu lomwelo. Chinanso n'chakuti makina osankha zoti anthu aone sasiyanitsa kwenikweni ndemanga yoyamikira ndi yonyoza. Akaona kuti pali mkangano amaponya vidiyoyo kwa anthu enanso, omwe ali kutali kwambiri ndi zomwe inu mumachita. Ndipo obwera pambuyo amayamba awerenga ndemanga zapamwamba asanaonere. Woyamba akaseka kuti ndi chamba, khumi otsatira amabwera kudzapikisana naye pa nthabwala yomweyo.

Pamwamba pa izi pali chizolowezi chakale chakuti chithunzi chojambula pamanja chikamayenda, ndiye kuti ndi cha ana kapena ndi choseketsa. Si Amalawi okha ali nacho. Oskar Fischinger, Mjeremani amene ankapanga mafilimu a mizere ndi mitundu yovina motsatira nyimbo, analembedwa ntchito ku Disney pokonza filimu ya zojambula yotchedwa Fantasia yomwe inatuluka mu 1940, koma anachokako ntchito isanathe chifukwa zojambula zake ankazisintha kuti zifanane ndi zinthu zomwe anthu angazizindikire. Mu Seputembala 2014, Don Hertzfeldt wa ku America anapatsidwa mwayi wopanga chiyambi cha gawo lina la katuni ya pa TV yotchedwa The Simpsons, ndipo anaika zinthu zopindikapindika zobwereza mawu osamveka bwino. Pa intaneti anthu anagawikana pakati, ena n'kumati ndi luso lapamwamba, ena n'kumafunsa kuti TV yawo yagwidwa ndi chiyani. Munthu yemweyo, miyezi yochepa pambuyo pake, anapambana mphoto yaikulu ya mafilimu afupi ku chikondwerero cha mafilimu cha Sundance mu 2015. Luso lake silinasinthe pa miyezi imeneyo. Amene anakhala kutsogolo kwake ndiwo anasintha.

Ndikuchenjezeni pa ganizo limodzi limene limabwera msanga kwa ojambula achinyamata, lakuti anthu akwathu sadziwa luso, odziwa ndi akunja. Ganizo limeneli ndi lokoma pakamwa koma ndi labodza, ndipo limaononga ntchito. Anthu amene anakula akuonera Gule Wamkulu sadabwa ndi nkhope yosafanana ndi ya munthu kapena ndi uthenga wosanenedwa mwachindunji. Kungoti ku bwalo munthu amapita akudziwa kumene akupita, ng'oma imamukonzekeretsa, nyimbo ya amayi imamulozera chomwe chilombo chabwera kudzanena. Filimu yanu inafika kwa anthu popanda chilichonse cha zimenezi. A pa Vimeo aja anali okonzeka kale: ambiri a iwo ndi opanga mafilimu anzanu, amalowa kumeneko mwadala kukafuna zachilendo, amaonera pa kompyuta atavala mahedifoni. Kuyamikira kwawo kulandireni, koma musakukweze kwambiri, poti kumeneko anthu amayamikirana mwaulemu ndipo kawirikawiri sakuuzani pomwe anatopa. Njira yanuyo ya makala ndi kufufuta ndi imene inatchukitsa William Kentridge wa ku Johannesburg kuyambira mu 1989, ndipo mafilimu ake anthu ambiri anawaonera m'zipinda zamdima za nyumba zoonetsera luso, atakhala pansi, khoma lonse litadzaza chithunzi. Inu mukupempha makala omwewo kuti agwire ntchito pa kagalasi kochepa ngati chikhatho, padzuwa la masana.

Tsopano tisefe ndemangazo. Za satanic ndi za chamba, zambiri ndi nthabwala za munthu amene waona chinthu chomusowetsa mtendere ndipo alibe mawu ena ochinenera. Nkhope ikamasungunuka, thupi la woonera limachita kanthu asanaganize n'komwe, ndipo dzina lapafupi lopatsa chinthu chotero ndi limenelo. Musawayankhe, musatsutsane nawo za chipembedzo, simudzapambana. Ndibwereranso kwa iwo kumapeto chifukwa pali malire ake.

Mayi uja wa mwana wosagona, iyeyo ali ndi mfundo, ndipo ndikanakhala inu ndikanamuyankha mwaulemu. Anaona zojambula, anaganiza kuti ndi za ana, n'kupereka foni. Lembani pa mzere woyamba weniweni kuti filimuyi si ya ana ndipo muli zithunzi zosautsa za madzi osefukira. Pa YouTube onetsetsani kuti mwasankha kuti vidiyoyi sinapangidwire ana. Kuyambira mu Januwale 2020, vidiyo iliyonse yoikidwa m'gulu la za ana imatsekeredwa ndemanga ndi zinthu zina, ndipo YouTube ikhoza kuiika yokha m'gulu limenelo ikaona ngati ndi katuni. Opanga mafilimu a akuluakulu ambiri adandaulapo za zimenezi. Ngati muli malo pomwe chithunzi chimathwanima msangamsanga, choyera ndi chakuda mosinthana, chenjezaninso. Si nkhani yamasewera: mu Disembala 1997 ana oposa 600 ku Japan anathamangira nawo kuchipatala ataonera gawo lina la Pokémon lokhala ndi kuwala kothwanima, ena atagwidwa ngati khunyu. Muyeso umene okonza masamba a intaneti amatsata ndi wakuti kuthwanima kusapitirire katatu pa sekondi imodzi.

Gulu lalikulu lija lakuti sakumvetsa ndi limene ndikufuna tikhalepo, chifukwa mawu amodzimodziwo amanenedwa ndi anthu awiri osiyana kwambiri. Woyamba waonera mpaka kumapeto, zamukhudza, koma sakupeza nkhani yoti akafotokozere mnzake, ndiye akuona ngati walephera mayeso. Ameneyo filimu yamugwira ntchito. Akungofunika kumumasula kuti palibe yankho lobisika lomwe waliphonya. Wachiwiri sakumvetsa chifukwa sakuona kapena sakumva zomwe inu mukuganiza kuti mwaonetsa. Pa makala izi zimachitika kawirikawiri kuposa mmene ojambula amavomerezera. Facebook, YouTube ndi WhatsApp zimafinya vidiyo kuti ichepe, ndipo chinthu choyamba kuonongeka ndi fumbi la makala lija, timizere tofufutika ndi imvi zoyandikana, zomwe ndi mtima wa ntchito yanu. Kwa munthu amene foni yake yatsitsa vidiyo kufika pa muyeso wotsika wa 240p kuti asunge bandulo, nkhope yosungunuka imangokhala chiphalaphala chotuwa. Mawu nawonso chimodzimodzi. Ngati munaika mkokomo wakuya wa madzi ndi miyala, tisipika ta foni sititulutsa mawu otsika chotero. Woonera amangomva zii, n'kuganiza kuti vidiyo ndi yowonongeka.

Kuti mudziwe amene achuluka pa awiriwa, musawerengenso ndemanga. Tsegulani YouTube Studio, tsamba limene mwini vidiyo amaonerapo mmene ikuyendera, muone mzere umene umasonyeza pomwe anthu amasiyira kuonera. Kugwa kwakukulu m'masekondi oyambirira musadandaule nako, amenewo ndi odutsa. Yang'anani zomwe zikuchitika kwa otsalawo. Mzere ukamatsika pang'onopang'ono mpaka kumapeto, filimu ili bwino. Ukagwa mwadzidzidzi pa malo amodzi, tinene pa mphindi yachiwiri, pitani mukaone chomwe chili pamenepo: mwina chithunzi chada kwambiri, mwina kusintha kumodzi kwatalika kuposa mphamvu yake, mwina mwabwereza chinthu chomwe woonera anachigwira kale. Pomwe mzere wakwera pang'ono ndi pomwe anthu anabwerera kuti aonenso, ndipo pamenepo ndi pomwe dzanja lanu lili ndi mphamvu. Kenaka bwerekani foni yotsika mtengo, mutuluke nayo panja masana, muonere filimu yanu pa data wamba popanda mahedifoni. Ojambula ambiri amene ndawauza kuchita zimenezi amabwerera atawonjezera kusiyana kwa choyera ndi chakuda, atakuza zithunzi zina, ndipo ataika timawu tokwera, ngati kudontha kwa madzi kapena kulira kwa malata, tomwe foni ingathe kutulutsa. Kutero si kugonjera onyoza. Ndi kuonetsetsa kuti chomwe munapanga ndi chomwe chikufika. Mukamatumizira munthu pa WhatsApp, tumizani ngati document kuti isafinyidwe.

Za kufotokoza tanthauzo, ndingati fotokozani pang'ono chabe. Ndime yaitali yonena kuti mbalame ikuimira chakuti, khoma likuimira chakuti, imapha filimu; woonera amasiya kuona, amayamba kuchonga. Koma kusanena kanthu konse, pa nkhani ngati yanuyi, ndi kuuma mtima kosafunika. Ziganizo ziwiri zikwanira: kuti filimuyi munaijambula ndi makala pokumbukira nyumba zomwe zinapita ndi matope mu Marichi 2023, ndi kuti ndi bwino kuionera mawu atatsegulidwa. Ikani zomwezo ngati ndemanga yokhomedwa pamwamba, kuti wobwera ayambe wawerenga mawu anu asanawerenge a wachamba uja. Munthu wa ku Chilobwe kapena ku Phalombe akadziwa kuti madzi amenewo ndi ati, safunanso womasulira. Koma dziwaninso kuti mukatchula Freddy mwalowa pa chilonda cha anthu. Oposa 1,000 anafa kapena kusowa m'dziko muno. Mwina wina adzakulemberani kuti mukusewera ndi maliro a abale ake. Ameneyo musamuike m'gulu la onyoza. Mumvereni, mumuyankhe mofatsa, ndipo ngati inunso munataya kanthu pa namondweyo, muli ndi ufulu kunena kapena kusanena.

Chinthu chimene ndimachikhulupirira kuposa ndemanga zonse za pa intaneti ndi chipinda chokhala ndi anthu ochepa. Pemphani kalasi pa sukulu, holo ya tchalitchi kapena pabalaza pa mnzanu pomwe pali TV yaikulu, muitane anthu osakanikirana, ena osakudziwani n'komwe, pajatu mlendo ndi amene amadza ndi kalumo kakuthwa. Zimitsani magetsi, musalankhule kanthu isanayambe kupatula ziganizo ziwiri zija, ndipo inu muziyang'ana anthuwo, osati filimu. Mudzaona pomwe atulutsa mafoni ndi pomwe asiya kutafuna. Ikatha musawafunse ngati aikonda, adzakunamizani mwaulemu. Afunseni chomwe aona, chomwe akuchikumbukira, ndi pomwe maganizo awo anachokapo. Anthu asanu akatchula malo amodzimodzi, pamenepo pali vuto lenileni.

Nanga makatuni oseketsa? Ngati mumawakonda, pangani, palibe chonyozeka pamenepo, ndipo kuseketsa anthu ndi luso lovuta. Koma musathawireko poganiza kuti kumeneko intaneti ndi yachifundo. Kuyambira mu 2012 YouTube inayamba kukondera nthawi imene anthu amathera akuonera, zomwe zimakomera munthu wotha kutulutsa vidiyo yaitali tsiku ndi tsiku. Inu, ngati mumasintha chithunzi ka 12 pa sekondi, mphindi zinayi zikutanthauza kufufuta ndi kutola chithunzi ka 2,880. Simungapikisane ndi munthu wongolankhula pa kamera, kaya mukuseketsa kaya mukuliza. N'zoona kuti zachilendo zina zinafalikira kwambiri. Katuni yoopsa ya David Firth yotchedwa Salad Fingers inayamba pa tsamba la Newgrounds mu 2004 ndipo anthu akhala akukangana za tanthauzo lake kwa zaka. Don't Hug Me I'm Scared nayo, ya zidole, inayamba pa YouTube mu 2011 n'kudzafika pa Channel 4 ku Britain mu 2022. Koma zonsezi zili ndi chogwirira: munthu kapena chidole chomwe woonera amachizindikira n'kuchitsatira, zinthu zisanayambe kusokonekera. Ngati pali phunziro loti mutengeko ndi limenelo, osati kusiya makala. Mwina mu filimu yotsatira mungamusiye mayi uja akhale mayi kwa kanthawi, tione manja ake akugwira ntchito, tisanamutaye m'madzi. Ndipo pa Facebook mukhoza kumaika tizidutswa tosonyeza dzanja lanu likujambula ndi kufufuta. Anthu omwe amanyoza filimu yomaliza nthawi zambiri amachita chidwi ndi ntchito ya manja, ndipo ena a iwo amakafuna yonseyo ali okonzeka.

Ganiziraninso zikondwerero za mafilimu, chifukwa kumeneko ndi komwe ntchito ngati yanu ili ndi malo ake. Cha ku Annecy ku France, chomwe chinayamba mu 1960, chili ndi gawo lapadera la mafilimu oyesa njira zachilendo lotchedwa Off-Limits. Palinso cha ku Zagreb kuyambira mu 1972 ndi cha ku Ottawa kuyambira mu 1976. Werengani malamulo a chilichonse musanatumize, poti zina zimakana filimu yomwe inaonetsedwa kale poyera pa intaneti pamene zina sizilabadira. Pa filimu yotsatira, yambani mwaibisa ndi password pa Vimeo mpaka mutadziwa komwe mukuitumiza. Pa FilmFreeway, tsamba lotumizirapo mafilimu ku zikondwerero, samalani ndi timipikisano tongofuna ndalama zolembetsera, topereka mphoto kwa aliyense amene walipira. Ndi mmene madola akusowera muno, lemberani okonza chikondwerero chenicheni muwapemphe kuti akuchotsereni malipirowo. Ena amavomera kwa ochokera m'maiko ngati lathu.

Ndibwerere kwa a satanic aja. Nthabwala pa ndemanga ndi chinthu china, koma wina akayamba kukutchulani kuti ndinu mfiti, kufalitsa chithunzi chanu, kunena komwe mumakhala kapena kukuopsezani ku inbox, zachoka pa nkhani ya luso. Tonse tikudziwa mmene mphekesera zoterezi zimathera m'madera mwathu. Tolani ma screenshot ooneka dzina ndi tsiku musanamutseke munthuyo, uzani achibale, ndipo pitani ku polisi. Lamulo la Electronic Transactions and Cyber Security Act la 2016 limaletsa kuzunza ndi kuopseza munthu pa intaneti, ndipo lamulo la za ufiti la 1911 limati kunena munthu kuti ndi mfiti ndi mlandu. Pa zazing'ono, YouTube ndi tsamba la Facebook zonse zimalola kulemba mawu omwe simukufuna, ndemanga zokhala nawo n'kumabisika zokha. Mukhozanso kupempha mnzanu kuti aziyang'anira ndemanga kwa milungu ingapo n'kumakutumizirani zokhazo zokhala ndi mfundo. Wina akakopera filimu yanu n'kuiika pa tsamba lake popanda dzina lanu, dandaulani kudzera pa fomu ya copyright ya tsambalo, ndipo a COSOMA, bungwe loona za copyright muno, angakulangizeni za ufulu wanu ngati mwini ntchito.

Chomaliza ndi cha inu mwini. Mwanena kuti ndemanga zinakufoolani, ndipo kwa masiku angapo zimenezo n'zachibadwa. Koma ngati papita milungu iwiri kapena kuposerapo simukugona, simukudya bwino, mukudzuka usiku kukawerenganso ndemanga zomwezo, kapena kujambula filimuyi kwadzutsa zomwe munaona pa nthawi ya namondwe, musalimbane nazo nokha. Lankhulani ndi munthu amene mumamukhulupirira, ndipo pitani kuchipatala chomwe muli nacho pafupi mukapemphe kuonana ndi wa uphungu kapena namwino wa za maganizo. Ku Queens kapena ku health centre ya kwanuko angakulozereni. Mukayamba kuganiza zodzivulaza, pitani tsiku lomwelo.